Njinga yopanda mabuleki, bwalo lopendekeka: zoti mudziwe musanapalase koyamba pa velodrome

Mwina muli ku Cape Town, ku Manchester kapena ku Glasgow, ndipo mnzanu wa kuntchito wakuitanani kuti mukayese njinga za pabwalo. Mwavomera msanga, poti njinga yakapalasa munaidziwa muli mwana, mukutumidwa kuchigayo ndi thumba la chimanga pakaliya. Mukafika adzakupatsani njinga, ndipo zala zanu zidzayamba kufunafuna mabuleki pahandulo. Simudzawapeza. Mukadzakweza maso mudzaona kuti pokhota pa bwalolo papendekeka ngati denga la nyumba, ndipo anthu akupalasa pamenepo ngati palibe chachilendo.

Masewerawa amatheka kwa munthu wamba, ndipo mabwalo ambiri ali ndi maphunziro a ongoyamba kumene. Koma amafuna kuti muiwale zina zomwe miyendo yanu inazolowera, komanso amagwiritsa ntchito mtima mwamphamvu kuposa momwe zimaonekera mukamaonera pa TV. Ngati muli ndi BP, shuga kapena mphumu, kapena papita zaka musanathamangeko, pali zoyenera kudziwa musanakwere.

Velodrome n'chiyani?

Ndi bwalo lozungulira lomangidwira njinga zokha. Mabwalo a m'nyumba omwe amachitirapo mipikisano ya Olympics masiku ano ndi otalika mamita 250, kutanthauza kuti mukazungulira kanayi mwayenda kilomita imodzi. Ambiri pansi pake ndi pa matabwa, ena pa simenti. Mbali ziwiri zowongoka zimapendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 12, koma pokhota pamafika madigiri 42 kapena kuposerapo pang'ono. Wapansi sangakwere pamenepo ndi nsapato wamba osaterereka.

Ku Britain, bwalo la ku Manchester linatsegulidwa mu 1994. La ku London, lotchedwa Lee Valley VeloPark, linamangidwira masewera a Olympics a 2012. La ku Glasgow linatchedwa dzina la Sir Chris Hoy, katswiri wa ku Scotland yemwe anapambana mamendulo asanu ndi imodzi a golide pa Olympics, ndipo ndi pomwe panachitikira mipikisano ya njinga za pabwalo pa Commonwealth Games mu 2014. Ku London komweko kulinso bwalo lakale la pamtetete la Herne Hill, la mu 1891, lomwe ndi lalitali komanso losapendekeka kwambiri, motero siliopsa maso ngati enawo.

Mu Africa mabwalowa ndi owerengeka. Ku South Africa kuli Bellville Velodrome ku Cape Town ndi Hector Norris Park ku Johannesburg. Ku Abuja m'dziko la Nigeria kuli lina, lomwe linamangidwira All-Africa Games a 2003, ndipo la ku Cairo linachititsa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2021. Zipangizo nazo n'zosowa. Pa Olympics ya ku Paris mu 2024, Ese Ukpeseraye wa ku Nigeria anachita kubwereka njinga ya pabwalo kwa timu ya Germany kuti apikisane nawo. Choncho musangonyamuka: imbani foni kaye mufunse ngati bwalo lomwe muli nalo pafupi likulandira ophunzira, tsiku liti, komanso ngati amabwereketsa njinga.

Njinga yake ndi yotani?

Ilibe mabuleki, ili ndi giya imodzi, ndipo ilibe filiwilo. Pa zitatuzi, chomwe chimadzidzimutsa anthu kwambiri ndi filiwilo, osati mabuleki. Pa njinga ya masiku onse, mukafika pamtsetse mumasiya kupalasa, miyendo n'kupuma, tayala likuzungulirabe. Pa njinga ya pabwalo giya yakumbuyo inamangidwa ku tayala. Tayala likamazungulira, mapedulo nawo amazungulira, mufune musafune. Mapazi anunso amakhala atamangidwa ku mapedulo, mwina ndi timalamba, mwina ndi nsapato zapadera zomwe zimakola pansi.

Ndiye taganizirani zomwe zimachitika mukaiwala n'kuumitsa miyendo kuti mupumeko. Pedulo imakankha mwendo m'mwamba n'kukunyamulani pachishalo, ngati bulu wokana kukwereka. Pafupifupi aliyense zimamuchitikira kamodzi tsiku loyamba, kawirikawiri pomwe watopa kapena wangomaliza kuthamanga kwambiri n'kuganiza kuti basi zatha. Zikakuchitikirani musalimbane nayo. Fewetsani miyendo, iloleni izungulire. Ambiri amangodzidzimuka n'kupitiriza osagwa.

Kusowa kwa mabuleki si kuumira kwa opanga njinga. Pabwalo anthu amatsatana moyandikana, tayala la wina pafupi ndi la mnzake. Mmodzi atagwira buleki mwadzidzidzi, onse am'mbuyo angaunjikane pa iye. Popanda mabuleki aliyense amachepetsa liwiro pang'onopang'ono, ndipo wam'mbuyo amakhala ndi mpata woona zomwe zikuchitika. Palibenso minibasi yoima mwadzidzidzi, mbuzi yodumpha msewu kapena dzenje loti muzembe. Mukafuna kuchepetsa liwiro mumangochepetsa mphamvu pa mapedulo, kapena kuwaletsa pang'ono pomwe akukwera, kapenanso kukwera chakumtunda kwa bwalo, poti kumeneko ndi chitunda ndipo njira ndi yaitali.

N'chifukwa chiyani anthu sagwa pokhota?

Munaonapo wakabaza akukhota ali pa liwiro: amapendekekera mkati mwa kona, njinga ndi wokwera yemwe. Pamsewu wosalala akapendekeka mopyola muyeso matayala amaterereka. Omanga velodrome anapendeketsa pansi pomwe, kuti njinga ikapendekeka matayala akhalebe atakhazikika bwino. Mukakhala pa liwiro, mphamvu yomwe ikanakutayirani kunja kwa kona imakukanikizirani pa matabwa. Mumamva thupi likulemera pang'ono pachishalo ndi m'manja.

Apa ndi pomwe nzeru za pamsewu zimasokeretsa. Munthu akachita mantha amachepetsa liwiro, chonsecho pokhota pa velodrome kuyenda pang'onopang'ono ndiye kogwetsa. Njinga ikamayenda mozengereza imaima chilili pamalo opendekeka, ndiye tayala likhoza kutsetsereka, kapena pedulo yakumanja, yomwe ili mbali yakumtunda, ikhoza kugunda matabwa. Lamulo lomwe mudzalimve mobwerezabwereza ndi lakuti muwonjezere mphamvu mukamalowa pokhota. Kuti muone ngati mukuyenda bwino, werengani nthawi: pa bwalo la mamita 250, kuzungulira kamodzi m'masekondi 30 ndiye kuti mukuyenda makilomita 30 pa ola. Mphunzitsi wa bwalolo adzakuuzani liwiro lochepetsetsa lomwe amalola musanakwere pamalo opendekeka, poti mabwalo amasiyana.

Ola loyamba limayenda motani?

Maphunziro a ongoyamba nthawi zambiri amatenga ola limodzi, ndipo pamakhala mphunzitsi. Mumayambira mkati, pamalo afulati, mutagwira chitsulo cha mpanda uku mukukoletsa mapazi. Mumazungulira kangapo pansipo kuphunzira kunyamuka ndi kuima. Kuima ndiye luso loyamba: mumachepetsa liwiro kwa mtunda wautali mpaka njinga ikuyenda ngati munthu wapansi, kenako mumatambasula dzanja n'kugwira mpanda. Osagwira mpanda njinga ikuthamanga, mudzazipweteka phewa. Ngati mwavala nsapato zokola, phazi limachoka mukapotoza chidendene kunja, osati kukoka m'mwamba. Yesani kangapo muli chiimire mpaka phazi lizolowere.

Aliyense amazungulira mbali imodzi, kukhotera kumanzere nthawi zonse. Pansi pali mizere. M'munsi mwenimweni muli kanjira kopakidwa utoto wa buluu wowala, kodutsira polowa ndi potuluka. Pamwamba pake pali mzere wakuda, womwe ndi pomwe amayezera kutalika kwa bwalo. Mzere wofiira uli pamwamba pa wakudawo, mpata wake osakwana mita imodzi. Chakumtunda kuli mzere wina wa buluu. Tsiku loyamba mudzathera nthawi yambiri pakati pa wakuda ndi wofiira, ndipo mphunzitsi akaona kuti mwakhazikika angakuuzeni kuti mukwere mpaka pa wa buluu. Ngati mtima sukufuna, nenani. Palibe amene amalandira mendulo tsiku loyamba.

Wopitirira mnzake amadutsa kumanja, chakumtunda, osati kumunsi. Musanasunthe kuchoka pamzere wanu, cheukani kaye, makamaka paphewa lakumanja mukafuna kukwera. Njinga za pabwalo sizichita phokoso ndipo zilibe belu, wina akhoza kukhala pambali panu inu osadziwa. Musalole tayala lanu lakutsogolo lilowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la amene mukumutsata. Iye akangosuntha pang'ono matayala amakhudzana, ndipo amene amagwa ndi wam'mbuyo. Wina akagwa patsogolo panu, thawirani kumtunda, chifukwa munthu ndi njinga yake amatsetserekera kumunsi.

Ndani ayambe waonana ndi dokotala?

Funso ili ndi lofunika kuposa la mabuleki. Pamsewu mukatopa mumasiya kupalasa. Pabwalo palibe kupuma mpaka mutatsika, ndipo liwiro siliyenera kutsika pokhota. Onjezani mantha a tsiku loyamba, omwe paokha amathamangitsa mtima, ndi kamtima kosafuna kutsalira anzanu akuona. Munthu yemwe amakhala pampando tsiku lonse akhoza kufikitsa mtima wake pamlingo womwe sunafikepo kwa zaka zambiri, m'mphindi zochepa chabe.

Kwa ambiri izi sizoopsa. Koma pitani kuchipatala kaye ngati munamvapo kupweteka kapena kulemera pachifuwa mukamakwera chitunda kapena masitepe, ngati munakomokapo mukuchita masewera, ngati mumabanika ndi ntchito yochepa, ngati mtima umagunda modumphadumpha, kapena ngati munauzidwapo kuti muli ndi vuto la mtima kapena la impso. Chimodzimodzi ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima akadali wachinyamata.

BP ndi yomwe imabisala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi theka la akuluakulu omwe ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi sadziwa kuti ali nalo, chifukwa nthawi zambiri silipweteka paliponse. Kuyezetsa kumatenga mphindi zosakwana zisanu. Kuchipatala amati BP yakwera ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza. Amene akumwa mankhwala ndipo BP yake ili m'malo, masewera amamuthandiza. Koma ikafika cha m'ma 180/110, masewera olemetsa adikire kaye mpaka achipatala ataitsitsa. Ngati mumamwa atenolol kapena propranolol, dziwani kuti mankhwalawa amachepetsa kugunda kwa mtima, ndiye nambala ya pa wotchi yoyeza mtima ikhoza kukunamizani kuti simunatope. Dalirani mpweya wanu: ngati simungathe kunena mawu atatu kapena anayi osapumira, mwafika pamlingo wolemetsa.

Odwala shuga omwe amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga akhoza kutsika kwambiri pomwe akupalasa kapena maola angapo pambuyo pake. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka mutu, ndipo pa njinga yopanda mabuleki si malo abwino oti zikupezereni. Yezani musanayambe, idyani, ikani maswiti kapena chakumwa cha shuga pafupi, ndipo muuzeni mphunzitsi. Muuzeninso ngati muli ndi khunyu, kapena ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, chifukwa kwa inu ngakhale kugunda mutu pang'ono n'koyenera kuonedwa kuchipatala. Amayi oyembekezera, vuto si kupalasa koma kugwa, ndiye ndi bwino kudikira mpaka mutachira.

Ngati thupi latentha, kaya ndi chimfine kaya malungo omwe mwabwera nawo kuchokera kumudzi patchuthi, sinthani tsiku. Ndalama yomwe mwalipira isakukakamizeni. Matenda ena a mavairasi amatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuuthamangitsa pa nthawi yotero kungabweretse ngozi.

Muli pabwalo, tsikani msanga ndipo nenani ngati mwamva kupweteka pachifuwa, makamaka kofalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, ngati maso achita mdima, kapena ngati mpweya ukukanika kubwerera ngakhale mwachepetsa liwiro.

Mudye chiyani, muvale chiyani?

Idyani chakudya chenicheni maola awiri kapena atatu musanayambe. Nsima ya mitanda itatu mphindi makumi atatu musanakwere idzakuvutitsani, poti pa njingayi mumawerama ndipo mimba imapanikizika. Osapitanso ndi njala. Nthochi kapena buledi pang'ono ola limodzi musanayambe n'zokwanira. Mowa ayi, ngakhale wa dzulo usiku ngati matsire akadalipo.

Njinga ya pabwalo ilibe poika botolo, ndipo kumwa madzi mukupalasa saloleza, chifukwa botolo likagwa kapena madzi akatayikira pa matabwa wina aterereka. Mumamwa mukatsika. Mabwalo a m'nyumba amakhala ofunda mwadala, poti mpweya wofunda ndi wopepuka ndipo njinga imathamanga bwino, choncho thukuta limatuluka lambiri ngakhale kunja kukuzizira. Imwani madzi kuyambira m'mawa. Mkodzo ukakhala wachikasu chowala ndiye kuti muli bwino.

Pa zovala, chachikulu n'chakuti pasakhale cholendewera. Pa njinga wamba buluku likakodwa mu tcheni mumasiya kupalasa n'kulikoka. Pa iyi mapedulo saima, amapitiriza kukulunga. Valani kabudula kapena zothina miyendo, ndipo zingwe za nsapato muzilowetse mkati. Pa chifukwa chomwecho, musayandikize zala ku tcheni tayala likuzungulira, ngakhale njinga ili m'manja. Anthu aduka nsonga za zala mwanjira imeneyi. Magolovesi amateteza zikhatho mukagwa. Opalasa ambiri amavala malaya awiri opyapyala, kuti akagwa nsalu zizikhulana zokhazokha m'malo mokhula khungu. Helemeti ikhale yokukwanani, yokhala chafulati pamutu mpaka kuphimba chipumi, ndipo lamba wake amangidwe moti pansi pa chibwano pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri.

Musachite manyazi kupempha kuti akukonzereni chishalo. Pedulo ikafika pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa kutsogolo kwa bondo, chokwera kwambiri chimachititsa chiuno kugwedezeka uku ndi uku. Mawondo amalandiranso katundu wachilendo mukamaletsa mapedulo kuti muime, ndiye ngati muli kale ndi vuto la bondo, yambani kuchepetsa liwiro patali m'malo molimbana ndi mapedulo.

Chizungulire ndi chifuwa

Ena amamva chizungulire kapena nseru m'mphindi zoyambirira. Kawirikawiri chimayamba chifukwa choyang'ana tayala lakutsogolo kapena mizere yomwe ikuthamanga pansi. Kwezani mutu, yang'anani patsogolo mamita angapo, ndipo pokhota yang'anani komwe kona ikuthera. Njinga imatsata maso. Manja nawo afewe. Mukagwira handulo ngati mukufinya nsalu, mapewa ndi khosi zimauma ndipo njinga imayenda mokhotakhota. Chizungulire chikapitirira, tsikani, khalani pansi, imwani madzi.

Chinanso chodabwitsa ndi chifuwa chouma chomwe chimabwera mukangomaliza kuthamanga mwamphamvu, nthawi zina ndi kakomedwe ka chitsulo m'kamwa. Opalasa pabwalo amachidziwa bwino. Mukamapuma mofulumira ndi pakamwa, mpweya wouma wambiri umadutsa m'njira za mpweya n'kuziumitsa, ndiye zimanyerenyetsa. Chimatha chokha. Koma ngati chikubwera ndi kulira kwa m'chifuwa ngati kamluzu komanso kubanika, ikhoza kukhala mphumu yodzutsidwa ndi masewera, yomwe ena amaizindikira atakula kale. Amene muli ndi mphumu tengani kopopera kanu ka salbutamol mukaike poti mukafikire msanga, osati m'chikwama chotsekeredwa kuchipinda chosinthira zovala. Kutenthetsa thupi pang'onopang'ono kwa mphindi khumi musanathamange kumachepetsa vutoli. Kutsokomola magazi, kapena chifuwa chopitirira masabata awiri, si za njinga ayi, pitani mukayezetse.

Mukagwa

Pa maphunziro a ongoyamba liwiro limakhala lochepa ndipo mphunzitsi amasiyanitsa anthu, koma kugwa kumachitika. Ubwino wa bwalo lopendekeka ndi wakuti munthu amatsetsereka m'malo mogunda chinthu choima. Kuipa kwake ndi kwakuti khungu limapsa ndi kukhulika, pantchafu, pachigongono ndi paphewa, ndipo pa matabwa tizipatso ta mtengo timatha kulowa m'thupi. Mukagwa musadzuke mothamanga kudutsa bwalo. Yang'anani kaye komwe njinga zikuchokera, ndipo mverani mphunzitsi.

Bala lotsupuka litsukeni ndi madzi oyera ambiri mpaka dothi lonse lichoke, kenako liphimbeni ndi bandeji yoyera. Osapakapo mankhwala otsukira mano, phulusa kapena mafuta a galimoto. Kachipatso kooneka kakhoza kuzulidwa ndi kopanira koyera, koma kolowa mkati kasiyireni achipatala. Afunseninso ngati mukufunika katemera wa kafumbata. Bala likayamba kufiira mofalikira, kutentha, kutupa kapena kutuluka mafinya patapita masiku, lalowa tizilombo.

Fupa lomwe opalasa njinga amathyola kawirikawiri ndi lija lopingasa pamwamba pa chifuwa, lolumikiza phewa ndi pakhosi, chifukwa munthu amagwera paphewa kapena padzanja lotambasula. Ngati simukutha kukweza mkono, kapena pafupapo patupa kapena pakuoneka popindika, kolekani mkono pachifuwa ndi nsalu ndipo pitani mukajambulitse.

Mutu ndiye wosafunika kuuchitira chibwana. Helemeti imachepetsa kuvulala koopsa koma siletsa ubongo kugwedezeka mkati mwa chigaza, ndipo munthu akhoza kuvulala motero osakomoka n'komwe. Ngati mwagunda mutu ndipo mukumva mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena simukukumbuka bwino momwe mwagwera, tsiku limenelo kupalasa kwatha, kuyendetsa galimoto ayi, ndipo musagone nokha m'nyumba. Thamangirani kuchipatala ngati mukusanza mobwerezabwereza, mutu ukuwawa mowonjezereka, mukuwodzera modabwitsa, mukulankhula zosamveka, mwakomoka kapena kugwedezeka ngati khunyu, mkono kapena mwendo wafooka, kapena m'mphuno kapena m'khutu mukutuluka madzi oyera kapena magazi. Zizindikirozi zikhoza kubwera patapita maola. Helemeti yomwe yagunda pansi yatha ntchito ngakhale ikuoneka yabwino. Ngati ndi yobwereka, auzeni eni ake kuti asapatse wina.

Mawa lake

Yembekezerani ntchafu zowawa, makamaka potsika masitepe kapena ponjuta. Ululu umenewu umakula pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, kenako umazilala. Kuletsa mapedulo kumagwiritsa minofu ntchito pomwe ikutambasuka, ndipo ntchito ya mtundu umenewu ndi yomwe imasiya ululu wambiri kwa wosazolowera. Kuyenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona tsiku lonse.

Pali vuto lina losowa koma loopsa, lomwe madokotala amalitcha rhabdomyolysis. Laonekapo mwa anthu omwe anadzikakamiza kwambiri tsiku loyamba pa njinga zolimbitsira thupi za mu jimu. Minofu ikawonongeka kwambiri imatayira zamkati mwake m'magazi, ndipo zimenezi zimatha kuwononga impso. Kusiyana kwake ndi ululu wamba n'kwakuti ntchafu zimatupa ndi kuuma, ululu umakhala wosapiririka, miyendo imafooka moti kuyenda kumavuta, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka kapena umachepa kwambiri. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo auzeni za masewera omwe munachita. Musamwe ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa amawonjezera katundu pa impso.

Tinenenso za nkhani yomwe abambo ambiri amafunsa monong'ona. Dzanzi kumalo obisika mukatsika pa njinga limabwera chifukwa chishalo chapanikiza mitsempha yodutsa pakati pa miyendo, ndipo amayinso limawachitikira. Pabwalo limabwera msanga chifukwa mumawerama, simuimirira kawirikawiri, ndipo pokhota thupi limakanikizika pachishalo. Limatha mukatsika. Likamabwera nthawi iliyonse, chishalo sichikukuyenerani kapena mphuno yake yaloza m'mwamba, ndipo chisinthidwe. Likakhala masiku osatha, kaonaneni ndi dokotala.

Kodi phindu lake ndi lotani?

Ola limodzi silisintha thanzi la munthu. Chomwe chimasintha ndi kubwereza. WHO imalangiza akuluakulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena olemetsa kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo olimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Kupalasa pabwalo nthawi zambiri kumagwera m'gulu la olemetsa, ndiye maulendo awiri pa sabata akhoza kukwaniritsa gawo lalikulu la mlingowo. Sikugwedeza mawondo ndi akakolo ngati kuthamanga pa tala, zomwe ndi nkhani yabwino kwa onenepa. Kwa amene ali ku Britain, komwe m'nyengo yozizira kumada 4 koloko masana, bwalo la m'nyumba limachotsa chowiringula cha mvula ndi mdima.

Umboni waukulu wa ubwino wa njinga sunachokere pa velodrome koma pamsewu. Kafukufuku wa akatswiri a pa University of Glasgow, yemwe anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2017, anatsatira anthu oposa 260,000 ku Britain. Anapeza kuti mwa omwe amapita kuntchito pa njinga, chiopsezo chomwalira msanga chinali chotsika ndi 41 peresenti poyerekeza ndi omwe amayenda pa galimoto kapena basi. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, satsimikiza kuti njinga yokha ndiyo yachititsa, poti anthu opalasa angakhale osiyana ndi anzawo m'njira zinanso. Komabe zotsatirazi zikugwirizana ndi zomwe zimadziwika kale za mtima ndi masewera. Ndiye ngati muli ku Dedza kapena ku Chipata ndipo velodrome ili kutali ndi inu, njinga yomwe ili pakhondeyo ikugwira kale ntchito yomwe ena amalipirira.

Mukaikonda, dziwani kuti mabwalo a ku Britain salola munthu kulowa m'magulu ophunzira mipikisano atangopalasa kamodzi. Pali magawo angapo oti mudutse, momwe amakuphunzitsani kutsatana pamzere, kusinthana kutsogolera ndi kuyenda pagulu, kenako amakuyesani. Siyani masiku awiri kapena atatu pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri kuti miyendo ichire. Ndipo ngati mwabwera pa njinga yanu ya pamsewu, zungulirani nayo kaye pamalo oimika galimoto musanalowe mumsewu. Pakatha ola limodzi pa njinga yopanda filiwilo, miyendo imayesa kuimitsa njinga ndi mapedulo, zala n'kuchedwa kukumbuka kuti mabuleki abwerera.